Besi ya Khosi Lalifupi

"Mainchi makumi atatu, osapitirira," anatero Ezara, ataima pakhomo ngati akuopa kuti utuchi umudetsera nsapato.

Damiano sanadzutse mutu. Anapitiriza kupala thabwa. Kuyambira pa Mayani mpaka ku Chimbiya kunalibe kalipentala wina wodziwa kupanga gitala yamagetsi. Luso limeneli analitenga ku Halale, kumene anatchonako zaka khumi ndi zisanu. Pobwera anapeza Monika, mkazi amene anamusiya ali ndi khanda kumsana, atakwatiwa ndi Ezara yemweyu, mwini bandi yoimba m'maukwati. Atapita kwawo kwa Monika ku Mphunzi kuti akangoona mwana, amalume a Monika anamubwezera panjira. Chaka chinatha amuna awiriwa akudutsana pamsika osapatsana moni.

"Gitala ya besi yeniyeni ndi mainchi makumi atatu ndi anayi," Damiano anayankha. "Yofupika ndi choseweretsa."

"Ndanena makumi atatu. Khosi likhalenso lopyapyala."

Apo m'pamene Damiano anamuyang'ana. Ezara anali wamfupi, zala zake zonenepa ngati kachewere. Damiano anaseka m'mphuno.

"Zoona, a Ezara, besi mwayeza ndi dzanja lanu. Koma zina mumangotola osayeza."

Ezara analuma mlomo. Anaponya pabenchi nsambo zinayi zimene anagula ku Lilongwe.

"Ifunika pa sikisi Julaye. Tikaimba pabwalo la sukulu, akuluakulu a chipani alipo."

Anachoka osatsanzika.

Damiano akanatha kukana. Sanakane. Thupi la gitala analidula pa thabwa la paini, khosi analisema ku mlombwa wouma umene ankausungira chitseko. Anaphwasula wailesi yakufa n'kuchotsamo maginito, n'kuwakulunga ndi kawaya ka kopa kopyapyala ngati tsitsi, masiku awiri athunthu, kakaduka n'kuyambiranso. Mphepo ya Juni inkalowa m'ming'alu ya khoma, zala zikuuma, koma iye osapumira. Ankafuna kuti aliyense wodzaiona besiyo adziwe kuti yadutsa m'manja mwa mmisiri.

Ndipo ikayesedwe m'manja mwa mbava.

Tizitsulo topingasa pakhosi anatidula ku waya wamkuwa, n'kutikhomera kamodzikamodzi pamizere imene anayeza kawiri. Mmisiri aliyense amapala nsonga za tizitsuloti kuti dzanja lizitsetsereka bwino. Damiano anapala za m'mwamba, zooneka ndi maso, mpaka zinasalala. Za m'munsi, kumene chikhatho chimadutsa, anazinola. Tupa inkalira pang'onopang'ono, iye akuona m'maganizo Ezara ali pabwalo la sukulu, anthu ali tcheru, dzanja likuthamangira kumtunda kwa khosi. Atamaliza anadutsitsapo kansanza. Kanang'ambika pawiri.

Kenako anamanga nsambo. Anazitsitsa pafupi ndi khosi kuti zikhale zofewa, zokopa dzanja kuthamanga. Analumikiza besi ku chokuzira mawu chake, ampulifaya yoyendera batire ya galimoto, nakoka nsambo yaikulu. Malata anagwedera. Amayi ogulitsa kabichi kunja anatembenuka. Pa magitala onse amene anapangapo, panalibe yolira chonchi.

Ezara anabwera Loweruka m'mawa. Anaizungulira besiyo manja ali kumbuyo, akufunafuna chilema. Vanishi ankawala. Chilema sanachipeze.

"Yesani," anatero Damiano, akutsegula ampulifaya. "Kapena mukuopa kuti ndimva mmene mumaimbira?"

"Pakamwa panu m'pamene panakuthawitsirani anthu," Ezara anayankha. Sanaigwire. Anasuzumira kunja n'kukodola.

Munalowa mtsikana wovala diresi yofika m'mapazi ndi juzi yasukulu. Anagwada pang'ono kupereka moni, maso ali pansi, koma ataona besi manyazi onse anatha. Anapukuta manja pa juzi, naikoleka paphewa. Inamukwana ngati chovala.

Damiano anatsegula pakamwa. Mawu amodzi akanakwana. Koma kunena kunali kudziulula pamaso pa Ezara, ndipo Ezara akanakalengeza pamsika ponse, mwinanso kupolisi. Anadzitonthoza mumtima: Mwana wa eni ameneyu, woimba waganyu, mwina angokanda pang'ono n'kuisiya.

Mtsikanayo sanangokanda. Zala zake zing'onozing'ono zinkaidziwa ntchito. Anayamba pang'onopang'ono, mutu ukugwedera, phazi likuponda utuchi. Anamwetulira. Kenako nyimbo inakwera, dzanja lonse linatsetsereka ndi mphamvu kuchokera kumutu mpaka kuthupi la gitala.

Besi inalira kamodzi n'kukhala chete.

Mtsikanayo sanakuwe. Anangotambasula chikhatho n'kuchiyang'ana. Chinali chitatseguka kuyambira pa chala cholozera mpaka pakati, magazi akudontha pa vanishi.

Ezara anadumpha n'kumumanga chikhathocho ndi mpango wa m'thumba. Anayendetsa chala chake m'munsi mwa khosi la besi, nachichotsa msanga. Kenako anatembenukira kwa Damiano.

"Ine ndinamuuza kuti tikagule ya m'sitolo ku Lilongwe. Anakana, analira sabata yathunthu, ati akufuna yopangidwa ndi manja a bambo ake om'bereka." Anam'gwira mtsikanayo paphewa. "Jesinta, bambo ako unkawafuna aja ndi awa."