Dzina la Adamson pa Waya

Norah analemba dzina la malemu mwamuna wake pa kompyuta ya mu ofesi ya mgodi, kenaka mawu achinsinsi amene anamunong'oneza ali kuchipatala.

"Ba Norah, fulumizani," anatero Bwembya, wokonza makompyuta. "Kampani yagulisiwa. Nizazima makompyuta yonse lelo."

"Kansi iyi siziba kuti anamwalira?"

"Iyi siziba munthu. Imangotuma zina pa waya kuchipinda chakumapeto, kuli seva, makina yosunga maina ya banchito bonse. Seva ikavomera, mwangena."

Norah anadina batani n'kutsinzina. Analiona dzinalo likuyenda pansi pa khonde, litavala chisoti cha kapitawo, likutsokomola fumbi la mtovu. Linafika pakhomo la chipinda chozizira, linapukuta nsapato, n'kugogoda mwaulemu.

Kompyuta inang'ung'udza kanthawi. Norah atatsegula maso, galasi la kompyutayo linali litawala, ndipo pamwamba panalembedwa kuti Adamson Sakala.

"Bamuvomera," ananong'ona Norah. "Akali pa nchito."

Bwembya anayang'ana galasilo nthawi yaitali, makiyi a ofesi ali m'manja. Kenaka anakhala pansi pambali pake.

"Tizazima mailo, osati lelo," anatero.