Yankho la Sumaiya kwa Amalume

"Mnyamatayu ukumuona bwanji?" anafunsa Che Atumani atapeza mphwawo Sumaiya kuseri kwa nyumba akuwerengera mayeso a akauntansi. Pakhonde panali Zubair, makaniko wa maboti ku Monkey Bay, amene anabwera ndi amalume ake kudzafunsira mbeta.

Sumaiya anamwetulira mwamanyazi. "Maganizo anga ndi unqualified, amalume."

Che Atumani, omwe Chingerezi anachitolera padoko, anakauza alendowo kuti mwana wakana, akuti mnyamatayo ngosayenera. Alendo ananyamuka tiyi asanamalize.

Sumaiya atamva anagwira mutu. "Amalume, ofufuza mabuku a kampani akatero ndiye kuti sanapeze cholakwika. Ine ndikumufuna. Ndalakwitsa ndine, aphunzitsi amati pamayeso tizilemba unmodified kuti anthu asasokonezeke."

Che Atumani anapalasa njinga mpaka kudepoti ndipo anawapeza alendowo atakwera kale minibasi, koma isananyamuke.

"Bwererani," anatero ali wefuwefu. "Mwana wakonza mawu. Akuti mnyamata wanuyu ngosasinthika."

Amalume a Zubair anamuyang'ana mphwawo, kenako anayamba kutsika.

"Akudziwa zimenezo koma akumufunabe? Tiyeni msanga, asanaganize bwino."