Mphindi Zisanu za Wayifayi

"Taonani alamu, yayambanso," anatero mayi wina wosoka zovala akutsegula laputopu pathebulo lodulirapo nsalu. Kachizindikiro ka wayifayi kankangozungulira ngati galu wofuna pogona.

Laputopuyo anamusiyira ndi mwana wake wamkazi popita kunja kukagwira ntchito.

"Ikadzuka kutulo imatha mphindi zisanu isanagwire netiweki. Mwanayo akaimba nthawi imeneyo ndiye kuti sandipeza. Miyezi itatu tsopano, mawu ake osawamva!"

Alamu akewo, omwe ntchito yawo ndi yokonza makompyuta, anadinadina mabatani maso ali pansi.

"Ikagona imazimitsa wayifayi pofuna kusunga batire. Ndaletsa zimenezo. Komatu alamu, munthu akaimba n'kukusowani, pamatsala chizindikiro chakuti..."

"Inu ingokonzani basi."

Alamuwo anaitseka laputopuyo n'kuitsegulanso, ndipo inagwira netiweki pompo. Anayesa kachiwiri, kachitatu, chimodzimodzi. Koma pasikirini panalibe uthenga ngakhale umodzi, panalibenso chosonyeza kuti wina anaimbapo.

Mayiyo anakulunga tepi yoyezera pachala mpaka chala chinachita dzanzi.

"Alamu," anatero chapansipansi, "simungaibwezere mmene inalili?"