Kanyali Kofiira ka Oilo

"Kamayaka n'kuzima, makamaka injini ikatentha," anatero Philomena, akuloza kanyali kofiira ka oilo m'motoka yake. "Ba Masauso, n'chiyani chimenechi?"

Masauso, makaniko wa ku Kabushi, anayamba wayang'ana waya wa kanyaliko. Unali bwinobwino. Anasolola kachitsulo koyezera oilo. Oiloyo anali wokwanira, koma wolemera ngati uchi. Atawerama, anaona chilembo M chokanda ndi msomali pa sefa ya oilo, chizindikiro chimene iye amaika pa motoka iliyonse yomwe wagwira.

Apo m'pamene anaikumbukira motokayo. Miyezi itatu yapitayo, bambo wina wogulitsa motoka zakale adaibweretsa injini itatheratu. "Thiramo oilo wa giya, kanyaliko kazime mpaka ndipeze wogula," adatero bamboyo. Masauso adathira, osafunsa kuti wogulayo adzakhala ndani.

"Injini inatha m'kati, amayi," anatero, maso ali pansi. "Wina anathiramo oilo wolemera kuti vutoli lisaoneke."

Philomena anakhala pa tayala lakale. Chimwalirire mwamuna wake, motokayo ndiyo inkamunyamulira kabichi kupita ku msika wa Chisokone.

"Anthu ena saopa Mulungu," anatero motsitsa mawu. "Ine ndinali nditakayikira ndithu. Koma wogulitsayo atandiuza kuti amene amaisamala ndinu, munthu wa m'kwaya mwathu, ndinagula tsiku lomwelo."

Masauso anapitiriza kupukuta manja ndi chiguduli, ngakhale anali atayera kalekale.