Rahema ndi Siketi za Neti

Panali munthu wina ku Mtakataka, dzina lake Rahema, telala wa pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Luso anali nalo, koma anthu ankangomubweretsera zigamba ndi mayunifomu. Mwamuna wake anali msodzi, ndipo anali ndi mwana mmodzi, Hamidu, wongoyamba kumene kuyenda.

Tsiku lina mng'ono wake anafuna chovala cha pa chinkhoswe, koma nsalu ya lesi sinkapezeka. Rahema anamasula neti ya udzudzu pabedi pake, n'kuinyika mu utoto wa pinki, n'kusoka siketi yofufuma ngati ya mkwatibwi. Anajambula mng'ono wakeyo akuzungulira nayo, n'kuponya pa TikTok, n'kulemba kuti: "Sitayilo ya Mtakataka."

Kavidiyoko kanafala ngati moto wa m'tchire. Atsikana a ku Golomoti, ku Salima mpaka ku Lilongwe anaifuna siketiyo. Minibasi iliyonse inkatsitsa wina atanyamula neti m'jumbo.

"Anti, yanga ikhale yobiriwira!"

Mayi Elizabeti, namwino wa ku chipatala cha Mua yemwe ankakhala m'nyumba yoyandikana ndi ya Rahema, anamupeza pamakina.

"Amake Hamidu, mvula yayandikira, ndipo udzudzu wa kuchigwa kuno mukuudziwa. Mwana akugona m'chiyani?"

"Ndigula ina, amayi. Musanditsekere mwayi, wandipeza kamodzi kokha."

"Nanga manetiwa atsikanawa akuwamasula pabedi pa yani?"

Rahema anangoseka, n'kupitiriza kupalasa makina.

Mvula inagwa, madambo anadzaza. Neti ina ija sinagulidwe. Hamidu atatentha thupi, Rahema anam'patsa panado n'kubwerera kukamaliza masiketi a operekeza ukwati. M'mawa mwake mwana anayamba kuphupha, maso atatembenuka. Rahema anamunyamula n'kuthamanga wopanda nsapato, n'kukwera njinga yamoto mpaka ku Mua, akufuula dzina la mwana njira yonse.

Anali malungo aakulu, ndipo magazi anali atachepa. Bambo a Hamidu anasiya ukonde kunyanja n'kubwera kudzapereka magazi.

Pabedi loyandikana panali mayi wa ku Golomoti, nayenso ndi khanda lodwala malungo. Anamuyang'anitsitsa Rahema, kenako n'kumwetulira.

"Kodi si inu a masiketi aja? Mwana wanga wamkulu anatenga neti yathu n'kubweretsa kwa inu. Inam'khala bwino zedi."

Mayiyo sankanyoza, ankayamikira ndithu. Rahema anayang'ana khandalo, n'kufunda chitenje kumaso, n'kulira mosatulutsa mawu.

Mayi Elizabeti atabwera kudzaona ana, sanamukumbutse za chenjezo lawo. Anangokhala pambali pake.

"Ife a yunifomu yoyera timalankhula mpaka mawu kusasa, atsikana samva. Inu mwaponya kavidiyo kamodzi, chigwa chonse chamasula maneti. Mphamvu imeneyo muli nayobe."

Mulungu anachitira chifundo, ana onse awiri anachira.

Atabwerera kunyumba, Rahema anagula maneti awiri, imodzi n'kutumiza kwa mayi wa ku Golomoti. Inayo sanaidule, sanainyike mu utoto. Anangoisokerera mkombero wa chitenje chowala pamwamba, ndi timaluwa tansalu m'makona, n'kuipachika pabedi. Anajambula Hamidu ali m'katimo akuwomba m'manja.

"Azimayi anzanga, siketi ija inatsala pang'ono kundiphera mwana," anatero m'vidiyomo. "Ndasiya. Sitayilo ya chaka chino ndi iyi: bedi la mfumukazi."

Ena anamunyoza kuti wagwa mphwayi, ena anamutukwana kuti waphunzira mochedwa. Masiku angapo pakhonde pake panali zii. Kenako mkwatibwi wina wa ku Salima anaponya chithunzi cha chipinda chake, neti ili ndi mkombero wofanana ndi chitenje cha ukwati wake. Zinayambiranso. Mtsikana aliyense anafuna kuonetsa bedi lake, ndipo bedi lopanda neti linasanduka chamanyazi.

Lero wobwera ndi neti kuti am'sokere siketi, Rahema amamubweza. Ndipo si azimayi okha akumufuna. Anyamata a kabaza nawo akuima pamzere, aliyense akulimbikira kuti mkombero wake ukhale wa mtundu wa timu yake ya mpira.

Phunziro: Fashoni ya pafoni imatha ndi sabata, koma mwana sagulidwa pamsika. Musanatsanzire kapena kuponya chinthu, funsani kuti chivulaza ndani. Ndipo ngati anthu anakutsatirani polakwa, akhoza kukutsatiraninso pokonza. Tumizirani uthengawu magulu anu onse mvula isanafike.