Njinga ya Tamiwe

Tamiwe ankatsuka mbale pang'onopang'ono pamene mayi wachilendo anagogoda pageti, mwana ali kumbuyo.

"Ndithandizeni, amayi. Mwana wanga wakomoka, minibasi zikungodutsa zodzaza, ndipo kuchipatala n'kutali."

Amake Tamiwe sanasunthe. Mwezi wathawu akuba analowa kwa aneba awo ku Kapata konkuno atatsogoza mzimayi wolira chonchi.

"Pepani, sititsegula," anayankha. "Abambo kulibe."

Mlendoyo anachonderera mpaka mawu kusasa. Kenako kunja kunangoti zii.

Amake potembenuka anapeza mbale zili m'madzi, Tamiwe akutsika pampanda wanjerwa.

"Geti sindinatsegule, Amama," anatero mtsikanayo, amene chibadwire anali asanatsutsepo amake. "Njinga yanga ndawapatsira pamwamba pa mpanda. Ikapanda kubwerera, kusukulu ndiziyenda pansi."