Denga Losaopa Mphepo

Malata anali mbwee pabwalo, lina litakapindika pamtengo wa aneba. Mayi wosoka zovala anaima m'chipinda chake chopanda denga, akuyang'ana makina ake atanyowa ndi nsalu za makasitomala zili matope okhaokha. Zinamunyansa kwambiri.

Dengalo anakhoma ndi mlamu wake, mmisiri wamatama amene anthu ankangomutcha Wailesi. Miyezi itatu yapitayo anatha sabata yathunthu ali pamwamba apo, nyundo kugunda kamodzi, pakamwa kakhumi. Ankati madenga ake mphepo imachita kuwalambalala, ngakhale mkuntho utabwera ndi abale ake onse. Chonsecho ntchito yake inali yauve. Zidutswa za matabwa, misomali yopindika, mawaya onyansa otsika m'makoma, zonsezo mayiyo anachita kuchotsa yekha mwiniwake atapita.

Ndiye lero kamphepo ka mphindi zisanu kokha, denga lonse n'kuyalula. Chimene chinatsala chilili pakhomopo ndi waya woyanikira zovala basi.

Mayiyo anaitanitsa mlamu wakeyo dala aneba ali pomwepo, kuphatikizapo awiri amene ankafuna kumupatsa ntchito mwezi womwewo. Ankafuna kuti amve onse, munthuyu asadzakwerenso panyumba ya wina aliyense. Wailesi atangofika, mayiyo anamusambitsa chokweza. Anamuuza kuti ndi wabodza, kuti luso lake lili pakamwa pokha, ndipo kuti kumuona kokha kukumuchititsa nseru. Aneba awiri aja anayang'anizana, wina n'kupukusa mutu.

Wailesi analowa m'chipinda chopanda denga chija. Anakwera pampando n'kupapasa pamwamba pa khoma, pamene pankakhala mitanda. Anapapasanso pakona ina. Kenako anatsika, anatuluka panja n'kukagwira waya woyanikira uja, akuyang'ana mfundo zake imodziimodzi.

"Alamu, waya ameneyu munamutenga kuti?"

"Si uve wanu womwe uja munausiya m'makomamu?" anatero mayiyo, manja ali m'chiuno. "Ndinadula ndekha onse asanu ndi atatu n'kulumikiza. Bola pamenepo akugwirako ntchito."

Wailesi anasiya wayayo pang'onopang'ono.

"Mawaya amenewo, alamu, ndi amene ankamangirira denga kukhoma."

Aneba onse anatembenuka n'kuyang'ana mayi wosoka zovala.